Kuti Ana Anga Asaikenso Nthochi

Ndinaphunzira kuyendetsa lole pakati pa nyanja ya Chilwa, chaka chimene inauma. Anthu a ku Blantyre ndikawauza amaganiza kuti ndikuwaseka, koma a kwathu kwa Mwambo sadabwa. Nyanja yathu imatha kuchoka osatsanzika. Chaka chimenecho panangotsala dothi long'ambika ngati zidendene zathu, mabwato atagona padoko chafufumimba, ndipo anthu a pa chilumba cha Chisi ankabwera kumtunda pa njinga.

Amuna anga nthawi imeneyo ankayendetsa lole ya bambo wina wogula mpunga. Mwini loleyo ataona kuti ku Chisi kukufikika ndi matayala, anayamba kuwatuma kumeneko kukatenga nkhuni ndi anthu. Ine ndinkakwera nawo ndi dengu langa la tomato. Tsiku lina tili pakatikati, pamalo popanda mtengo ngakhale mbuzi, anaimitsa lole n'kundiuza kuti tisinthane mipando. Nditafunsa chifukwa chake, anati akufuna kudya chinangwa ndi manja awiri.

Sanali munthu wa mawu ambiri. Anandisonyeza popondera patatu, kilatchi, buleki ndi moto, n'kunena kuti kuno kulibe chogunda, ndipo ndikagunda kanthu ndiye kuti ndachita kukafuna. Lole inadumpha, inazima, inadumphanso. Iwo ankangotafuna. Masiku otsatira anabwereka nkhafi ziwiri zopalasira bwato kwa msodzi wina wa padoko, poti chaka chimenecho nkhafi zinalibe ntchito. Ankazizika m'ming'alu ya dothi n'kundiuza kuti ndilowetse lole pakati pake chobwerera m'mbuyo, maso ali pagalasi lokha. Ankati kupita kutsogolo ngakhale ng'ombe imatha. Ndinathyola nkhafi imodzi, ndipo msodzi uja mpaka lero amandikumbutsa.

Mvula itagwa madzi anabwerera, matemba anabwereranso, ndipo za lole ndinaziiwala. Amuna anga anapeza ntchito ku kampani ya mathiraki opita kunja. Ankachoka mwezi wathunthu n'kubwera ndi sopo wa ku Mozambique ndi fumbi m'makutu. Ulendo wina sanabwere. Malungo anawagwira panjira, kupitirira Tete, ndipo anamwalirira m'kachipatala kena ka m'mbali mwa msewu. Kumeneko kumatentha kwambiri, ndipo kunalibe posungira mtembo. Anthu a kumeneko anadikira wachibale osamuona, ndiye anawaika m'manda. Sindiwada. Anachita zimene ifenso tikanachita.

A kampani anatumiza dalaivala wina kukatenga thiraki. Inabwera bwinobwino, feteleza yense ali momwemo. Kwa ine anabweretsa bulangete, jekete ndi chipepeso. Amene anabwera nazo anali munthu waulemu ndithu. Anavula chipewa, n'kunena kuti mapepala otulutsira mtembo m'dziko la eni ndi ovuta, komanso poti aikidwa kale, tiwasiye apumule. Nditafunsa dzina la mudzi umene anawaikako, anati akafunsa. Akufunsabe.

Kwathu kunyanja msodzi akamira mtembo osapezeka, timadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga, n'kuliika m'manda m'malo mwa munthuyo, kuti maliro athe ndipo otsala asiye kudikira. Apongozi anga, kwawo kwa Kuntumanji, anati ngakhale mwana wawo sanamire, zafanana. Akuluakulu a mpingo anati iwo za nthochi sazidziwa, komabe anabwera, anapemphera, anadya. Adzukulu anakulunga thunthulo m'bulangete lija n'kuliika m'bokosi. Panjira ya kumanda linkagubuduka m'katimo, uku gu, uku gu, ndipo onyamula ankayesetsa kuponda mofanana kuti lisamveke. Amayi oimba anakweza mawu. Ine ndinali pafupi, ndinkalimvabe.

Tinali ndi ana awiri, mtsikana ndi mnyamata. Chaka chilichonse ndimapita nawo kukalambula pamandapo. Ulendo woyamba wamng'onoyo, amene anali atamva kwa anzake chimene chili pansipo, anandifunsa ngati nthochiyo ikamera tidzaloledwa kudya. Mlongo wake anamumenya pamutu. Ndinangodziuza kuti ana awa aika nthochi kamodzi, ndipo kamodziko kakwana.

Ndinalima mpunga ndekha zaka zingapo. Kenako kunabwera chaka cha madzi osefukira, munda wonse unalowa m'nyanja, ndipo m'malo mwa mpunga tinkatolamo milamba. Chipepeso chija ndinali nditagulira mbuzi, ndipo mbuzizo zinali zitaswana. Ndinazigulitsa zonse kupatula imodzi yokalamba imene palibe anaifuna, n'kukalembetsa ku sukulu yoyendetsa galimoto ku Zomba. Ine sukulu ndinalekezera sitandade faifi. Mayeso a zikwangwani za pamsewu ndinalephera koyamba, kachiwiri ndinakhoza. Wotiphunzitsa anati sanaonepo munthu wobwerera m'mbuyo molimba mtima chonchi koma akaona njinga kutsogolo n'kuyamba kunjenjemera. Ndinamuuza kuti kumene ndinaphunzirira kunalibe makona ndipo njinga tinkaionera kutali.

Laisensi ya lole itatuluka, aliyense anasanduka mlangizi wanga. Madalaivala a pamsika anati ndikapita kwa bwana aliyense ndiyambe ndayang'ana matayala, osati nkhope yake, chifukwa bwana wosagula matayala sagulanso mabuleki. Anati ndifunse ngati amapereka ya chakudya panjira, ngati apolisi akagwira lole amalipira ndi iye kapena ine, ndiponso ngati dizilo akachepa amadula pamalipiro. Achimwene anga, amene ndi malume a ana ndipo nkhani zathu zonse zimadutsa kwa iwo, anati zonsezo ndi zabwino koma ndiyambe ndi malipiro. Ndinamvetsera onse mwaulemu. Funso langa linali limodzi, ndipo sindinauze aliyense.

Woyamba kundiitana anali mwini shopu ya simenti ndi malata m'tauni ya Zomba. Anayang'ana laisensi, anayang'ana ine, n'kunena kuti dalaivala wamkazi ndi wabwino chifukwa samwa mowa ndipo sanyamula matola. Matayala a lole yake ndinawaona, anali atsopano. Tinagwirizana zonse, mpaka tsiku loyamba. Kenako anafunsa ngati ndili ndi funso.

"Ndikafera panjira, mudzandibweza kwathu?"

Anaika cholembera pansi. Anafunsa ngati ndikudwala, ndinati ayi. Anafunsa ngati ndalota zinazake, ndinati ayi. Ndinayamba kufotokoza za amuna anga, koma atamva za thunthu la nthochi anakankhira mpando wake m'mbuyo. Anati munthu amene sanagwire n'komwe chiwongolero akayamba kukamba za mtembo wake, ndiye kuti akuitanira lole malodza, ndipo lole yake anaigula pangongole. Anati adzandiimbira foni. Nambala yanga sanaitenge.

Achimwene atamva anayamba kukanda bondo.

"Achemwali, anzanu amapita kukafunsira ntchito. Inu mwapita kukafunsira maliro."

Ndinati maliro amabwera ngakhale osawafunsira. Iwo anati n'zoona, ndiye palibe chifukwa chowafunsira. Anandilonjezetsa kuti kwina kulikonse kumene ndipite nditseke pakamwa. Ndinalonjeza.

Patapita milungu tinamva pawailesi kuti kampani ina ya ku Blantyre, osati ya amuna anga ija, ikufuna amayi a laisensi ya lole kuti iwaphunzitse mathiraki okoka ngolo. Ndinapita. Bwalo lake linali la simenti, losesedwa, ndipo mathiraki anaima mondondozana, aatali ngati tchalitchi. Pokwera umachita kugwira zitsulo ziwiri. M'katimo munali bedi kuseri kwa mpando, labwino kuposa langa. Anatiyesa pabwalopo ndi lole yaing'ono, ndipo anayi tinakhoza. Anativeka zipewa zolimba ndi majekete owala n'kutijambula titaima pafupi ndi tayala.

Amene anatilandira mu ofesi anali mayi wina wa msinkhu wanga, wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anati miyezi yoyamba ndiziyenda ndi dalaivala wakale pa ulendo wa ku Beira, kenako adzandipatsa thiraki yangayanga. Anatchula malipiro, ndipo ndinamupempha kuti abwereze, poganiza kuti ndamva molakwika. Sindinamve molakwika. Ana akanaphunzira mpaka kumene akufuna. Ndinakumbuka lonjezo langa kwa achimwene, ndinalisunga mpaka mayiyo atatseka faelo. Kenako ndinafunsa.

Iye sanakankhire mpando m'mbuyo. Anati pali inshulansi, banja limalandira ndalama, bokosi amagula ndi a kampani, ndipo za kubweza mtembo kuchokera kunja amayesetsa. Ndinafunsa kuti kuyesetsako kumafika pati. Anavula magalasi n'kunena kuti sakufuna kundinamiza. Zimatengera kumene zachitikira, tsiku limene amva, ndi mapepala a dziko la eni. Nthawi zambiri zimatheka, nthawi zina ayi.

"Koma thiraki yokha imabwera ndithu?"

Anati eya, chifukwa thiraki iliyonse ili ndi kachipangizo kamene kamawauza pamene ili usana ndi usiku. Ndinafunsa ngati kachipangizoko sangandimangirire ine m'chiuno. Anaseka. Ataona kuti ine sindikuseka, anasiya. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndibwere Lolemba ndi chikwama changa.

Mayi ameneyu ndinamukonda chifukwa ananena zoona, ndipo m'minibasi yobwerera ndinkadziuza kuti nthawi zambiri ndi zambiri ndithu. Koma amuna anga nawo anali a nthawi zina.

Pamsika wa panjira yathu yopita kunyanja, pamene timatsikira minibasi n'kukwera kabaza, pali mkulu wina wa malole awiri. Imodzi imayenda. Inayo inakhala pamiyala kalekale, amachotsako zitsulo zokonzera inzake, ndipo m'katimo nkhuku zimaikira mazira. Amanyamula mpunga kupita nawo ku zigayo za ku Zomba ndi ku Limbe, pobwera n'kutenga feteleza, mchere, malata, chilichonse. Mbiri yawo inali yoti ndi aukali komanso ouma dzanja. Ndinali nditamva kuti dalaivala wawo wathawira ku Joni. Tsiku limenelo wakabaza wanga ankamata tayala, ndiye ndinati m'malo moima padzuwa ndikangowapatsa moni.

Ndinapeza miyendo yokha ikutuluka pansi pa lole. Ndinapereka moni kwa miyendoyo, inayankha. Ndinati ndili ndi laisensi. Mawu anatuluka pansipo akuti laisensi siyendetsa lole. Matayala ndinawayang'ana monga anandiuzira madalaivala aja. Anali osiyanasiyana ngati ana a mitala. Popeza ntchito ndinali nditaipeza kale ndipo panalibe choluza, ndinafunsa funso langa lija osazungulira.

Sipanala inasiya kulira.

"Mwafa kale?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye mubwere Loweruka m'mawa tione ngati mumatha kuyendetsa. Zakufazo tidzakamba mukafa."

Kunyumba achimwene anali atauza kale mudzi wonse kuti mlongo wawo akupita ku Beira. Anapha nkhuku. Za Loweruka ndinangowauza kuti ndikupita kumsika, zimene sizinali zabodza. Chikwama cha Lolemba ndinalongedza, n'kuchiika pakhomo. Mtsikana wanga anachisuntha n'kuchiika kuseri kwa chitseko. Ndinachibweza. Anachisunthanso.

Loweruka ndinapeza matumba a mpunga atatsitsidwa m'lole n'kuunjikidwa pakhonde. Mwini mpungawo anali pomwepo akukalipa kuti katundu wake ankayenera kukhala ali ku Limbe. Mkulu uja, amene tsopano ndinamuona nkhope, anali wamfupi, wa imvi, wa diso limodzi lofiira. Anauza wa mpungayo kuti mpunga sununkha, udikira. M'lole anali atasesa, atayala mikeka n'kumanga tenti pamwamba. Anandiponyera makiyi n'kunena kuti tikupita ku Zomba, kumochale.

Ndinafunsa ngati ndi wachibale. Anati ayi, ndi wakuba. Panjira anandifotokozera. Womwalirayo anali dalaivala wawo zaka zapitazo, wa ku Chisi, ndipo anamuchotsa ntchito atamupeza akupopa dizilo m'thanki ndi paipi n'kumagulitsa kwa a zigayo. Kuyambira pamenepo sankalankhulana. Munthuyo anakhala akuchita maganyu m'tauni mpaka anadwala, ndipo dzulo lake mkazi wake anabwera pamsika paja akulira, alibe pogwira. Mkuluyo ankanena zimenezi mokwiya, akuwerenga milandu ina: tayala limene linasowa, jeke imene sinabwerenso, ulendo umene anagona kwa chibwenzi lole ili ndi katundu wa eni.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji akukamutenga.

Anandiyang'ana ndi diso lofiira lija ngati ndafunsa zachibwana.

"Nanga akwere kabaza?"

Kenako anati ndisakande giya ngati ndikupala mpunga wopserera mumphika.

Kumochale tinapeza abale, amayi a kumpingo, ndi bokosi limene mkuluyo anali atalipira kwa kalipentala. Anauza aliyense kuti matabwa ake ndi otchipa, kuti wina asaganize kuti wakhululuka. Amuna anakweza bokosi n'kuliika pakati, amayi anakhala molizungulira, ndipo mkazi wa malemu anakhala kumutu atatsamira. Wina anamanga nthambi yaiwisi kutsogolo kwa lole. Ndinayatsa magetsi othwanima, tinanyamuka.

Ameneyo ndiye anali katundu wanga woyamba. Kusukulu anatiphunzitsa za matumba, kuti olemera amakhala kutsogolo ndipo zingwe umazikoka ukayenda pang'ono. Za katundu woimba sanatiuze. Ndikaponda buleki nyimbo inkapendekera kutsogolo, ndikakhota inkapita mbali imodzi. Ndinayamba kuyendetsa ndi makutu. M'tauni njinga zinkandizungulira monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo zinkapatuka zokha, amuna n'kumavula zipewa.

Phula litatha tinalowa msewu wa dothi, ndipo inali nthawi ya mvula. Pa dzenje lililonse ndinkatchera khutu kumbuyo. Ndinazindikira patapita nthawi chimene ndinkamvetsera. Ndinkadikira kumva gu, gu. Sizinamveke. Bokosi limeneli linali ndi mwini wake m'kati, ndipo anagona phee.

Pa kamlatho kena, pokwera kuchoka m'matope, ndinachotsa phazi pakilatchi mofulumira ndipo lole inazima. Ndinapotoza kiyi, inangoti tche. Mkuluyo anati sitata ya lole iyi imagwira m'mawa mokha, masana imapuma. Anatulutsa mutu pawindo n'kuuza amuna kuti atsike. Anatsika ndi nsapato zawo za kumaliro n'kulowa m'matope. Amayi anasiya kuimba, koma mayi wina wachikulire anati maliro saima chete panjira, ndiye anayambiranso. Amuna anakankha, nyimbo ikupita, ine ndili pa giya yachiwiri, thukuta likutsika m'khosi. Injini italira, mmodzi wa okankha anafuula kuti malemu akanakhala moyo akanati dizilo watha. Anaseka onse, ngakhale mkazi wake, ndipo kenako analira kwambiri kuposa poyamba.

Tinafika padoko dzuwa litapendeka. Boti la injini linali likudikira, koma madzi anali atakwera, ndipo kanjira kotsikira kumeneko kanali kopapatiza. Mbali imodzi kunali mathandala oyanikapo matemba, mbali inayo mabwato okokeredwa kumtunda. Kumunsi kunalibe potembenukira. Amuna anati anyamula bokosi pamapewa kuchokera pamsewu, koma matope anali ofika m'mawondo ndipo anali atatopa ndi kukankha kuja. Mkuluyo sanandifunse ngati ndingathe. Anangoti nditembenuze lole ndilowe chobwerera, iye n'kutsika.

Msodzi wa nkhafi uja anali pomwepo akusoka ukonde. Atandiona pachiwongolero anaimirira, n'kuuza anzake kuti abise nkhafi zawo zonse.

Ndinayang'ana pagalasi. Lakumanzere linali long'aluka ndipo linkandionetsa mabwato awiri pamene panali limodzi. Ndinatsika pang'onopang'ono, amayi akuimba kumbuyo, anthu a padoko atasiya malonda awo. Mabwato ndinawalambalala onse. Thandala lomaliza ndinalikhudza ndi ngodya ya lole, mtengo wake umodzi unathyoka, ndipo matemba anakhuthukira pansi. Mwini wake anayamba kukalipa, koma ataona bokosi anatseka pakamwa n'kuyamba kutola. Ndinaima matayala akumbuyo atagunda madzi. Bokosi linachoka m'lole n'kulowa m'boti osakhudza matope.

Mkuluyo anabwera pawindo, anayang'ana thandala lija, n'kunena kuti adzadula pamalipiro anga. Umu ndi mmene ndinadziwira kuti andilemba ntchito.

Boti lisananyamuke mkazi wa malemu anabwera kudzandigwira manja. Anati, "Mwatifikitsa, mayi." Anakwera, n'kukhala pafupi ndi bokosi, dzanja lili pamwamba pake. Mulungu andikhululukire, ndinamuchitira nsanje mayi ameneyo. Anali wamasiye ngati ine, wosauka kuposa ine, koma ankadziwa chimene dzanja lake lagwira. Boti linalowa m'kanjira ka pakati pa mabango n'kutulukira poyera. Linadutsa malo amene amuna anga anazikapo nkhafi zija. Panali madzi okhaokha ndi mbalame.

Pobwerera tinali awiri. Tinakankhitsa lole kwa asodzi, tinanyamuka mpaka tinadutsa kamlatho kaja. Kenako mkuluyo anatsokomola.

"Funso lanu lija. Lole iyi sipita kunja, ilibe mapepala ake, ndipo ngakhale ikanakhala nawo siingafike. Kutali kwake ndi ku Limbe. Mukafera kumeneko idzakubweretsani. Ikazima adzakankha."

Ndinati zikomo. Anati ndisathokoze, chifukwa wamkulu ndi iwo, ndipo mwina ndine amene ndidzawanyamule. Anati tsiku limenelo ndisadzakande giya, adzamva.

Lolemba sindinapite ku Blantyre. Ndinaimbira mayi wa magalasi uja n'kumuuza zoona. Anati wamva, ndipo ndikadzasintha maganizo ndidzamupeze. Achimwene anabwera m'mawa womwewo kudzandiperekeza, n'kupeza chikwama chili chopanda kanthu, ine ndikumanga mpango kuti ndikakweze mpunga uja wa pakhonde. Ndinawafotokozera zonse, za bokosi, za boti, za wakuba dizilo. Anati ndiye kuti ndasiya thiraki ya bedi chifukwa cha ulendo umodzi umene sindidzauona n'komwe. Ndinati ine sindidzauona, koma ana adzauona. Anafunsa za nkhuku yawo. Sanandilankhulenso mpaka nthawi yokolola.

Ntchitoyo si yabwino, ndisaname. Malipiro amabwera mochedwa, ndipo pobwera amakhala atadulidwa zinthu zimene sindikuzikumbuka. Chitseko cha mbali yanga ndimamanga ndi chingwe. Mvula ikagwa ndimavala pepala la pulasitiki m'kati mwa lole momwemo. Amayi atatu amene tinajambulidwa nawo aja akuyendetsa mathiraki aakulu, ndipo ndikakumana ndi mmodzi pa msewu wa ku Limbe amandiimbira hutala imene imagwedeza magalasi anga. Wina ndamva kuti wamanga nyumba ya njerwa zootcha. Onse ali moyo. Achimwene amaonetsetsa kuti ndikudziwa zimenezi.

Maliro ndanyamula ambiri kuchokera tsiku lija, ena a anthu amene mkuluyo ankawakonda, ambiri a anthu amene ankakangana nawo. Mpunga umadikira pakhonde.

Chaka chatha, nthawi yolambula kumanda, ndinali ndi katundu wa malata wopita cha kwa Kuntumanji, ndiye ndinatenga ana pa lole. Tinalambula, tinazula udzu, apongozi anapemphera. Pobwerera ku msewu mnyamata wanga, amene tsopano wandipitirira msinkhu, anafunsa ngati n'zoona zimene amalume ake amanena, kuti ndinakana ntchito ya ku Beira chifukwa cha lole iyi. Ndinati n'zoona, ndipo tsiku langa likadzafika adzandilandira pa lole yomweyi, ineyo weniweni, osati chinthu china.

Anaizungulira akuyang'ana matayala limodzilimodzi. Anagwira chingwe cha pachitseko. Kenako anati ndiye adzauza adzukulu kuti asadzafulumire kukumba.

Linali kale masana, sitata inali itapuma. Iye ndi mlongo wake anapita kumbuyo n'kuyamba kukankha.